Mphindi Zisanu za a Fyuzi

Aliyense amene anapitako ku Mabingu zaka zakale akudziwa chinthu chimodzi chokhudza a Fyuzi: ankazimitsa nyimbo. Sikuti magetsi ankathima, kapena kuti china chake chinkaonongeka. Ikangokwana folo koloko, gule atafika pachimake, anthu zikwizikwi ali thukuta kamukamu, iwo ankayenda pang'onopang'ono, opanda nsapato, kukafika pa bokosi lawo lachitsulo pafupi ndi nsanja, n'kulitsegula ndi kiyi wa m'khosi mwawo, n'kutsitsa swichi. Zii. Mphindi zisanu zathunthu. Pa mphindi zimenezo palibe amene ankaloledwa kuwalankhula, ngakhale mkazi wawo.

Mkazi wawoyo ndi mlongo wanga, choncho munthu amene ndikumunenayu anali mlamu wanga. Ndanena izi poyamba kuti wina asadzati ndinabisa. Chaka chino Mabingu akwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo a komiti anandipempha, monga mlembi wawo kuyambira pachiyambi, kuti ndilembe mbiri yake m'kabuku ka alendo. Anandipatsa masamba anayi. Za alamu anga anati zikwane theka la tsamba, pansi pa chithunzi cha jenereta. Ndinalemba monga anandiuzira. Zimene mukuwerengazi ndi zimene zinatsala.

Kwa amene simunafikeko, Mabingu ndi chikondwerero cha nyimbo za makina, zija zopanda gitala, zopanda woimba wooneka kukamwa, zongoti gu, gu, gu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chimachitika kamodzi pachaka, pabwalo la kuseri kwa fakitale yakale ya sopo. Ine nyimbozi sindinazikondepo. Ndinaphunzira ku mishoni, kumene nyimbo inali ndi ndime zinayi ndi Ameni, ukatha n'kukhala pansi.

Kumishoniko tinaphunziranso kuti munthu sayamikiridwa pamaso. Tsiku lina nditakhoza masamu onse osaphonya ngakhale imodzi, mphunzitsi wamkulu anayang'ana pepala langa nthawi yaitali, kenako anati, "Inki yakuchulukira." Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo, chifukwa ndinadziwa kuti wasowa china chonena. Ndinakula choncho, ndipo ndinaphunzitsa ana a eni zaka makumi atatu choncho.

A Fyuzi anali okonza mawailesi. Kashopu kawo kanali pakati pa mayi telala ndi bambo wometa tsitsi, kopapatiza moti kasitomala wonenepa ankafotokoza vuto lake ali panja. Mawailesi anali mbwee mpaka kudenga, ena a eni ake amene anasamuka kalekale. Ukawauza kuti ataye, ankakuyang'ana ngati wanena zotukwana.

"Wailesi siifa, alamu. Imangokomoka."

Nsapato anali nazo, peyala imodzi, imene anakwatira nayo mlongo wanga, ndipo anazivula pakhomo pa tchalitchi ojambula asanamalize ntchito. Ankati nsapato zimatseka makutu a kuphazi. Ndinawafunsapo kuti wamagetsi wanji wosavala nsapato. Ananditulutsira chidutswa cha tayala chimene ankayenda nacho m'chikwama.

"Pogwira waya ndimaponda apa. Pomvetsera ndimaponda pansi. Inu mumavala nsapato nthawi zonse, mwamvapo chiyani?"

Mabingu anayamba chifukwa cha ndewu ya anthu oyandikana nawo. Chaka chimenecho anawabweretsera masipika akuluakulu asanu ndi limodzi a muholo kuti akonze. Atawayesa mushopu, singano ya mayi telala inalumpha n'kusokerera thumba la thalauza pabondo, ndipo wometa anachotsa theka la ndevu za munthu amene anangobwera kudzachepetsa.

"A Fyuzi, mukalizanso zinthu zanuzo ndisoka chitseko chanu," anatero mayi telala.

"Nanga ndiziyesere kuti, mayi? M'thumba?"

"Kutchire, kwa anzanu."

Loweruka lotsatira anawakankha pa wilibala, limodzilimodzi, mpaka kuseri kwa fakitale, n'kubwereka jenereta kwa wowotcherera zitsulo. Chinasowa ndi choliza. Mwamwayi kunali mtsikana wina, nesi wa pachipatala chaching'ono, amene anasiya kiyibodi yake kushopu kuti aikonze. Mtsikanayu akaweruka ankapanga nyimbo zake pa kompyuta, zimene kwawo ankamuletsa kuliza. Mpaka lero aliyense amangomuti a Nesi. A Fyuzi anamuuza kuti, "Bwera nazo zaphokoso zakozo, ndikufuna zogunda pansi." Anabwera nazo.

Kunafika anthu makumi anayi ndi atatu. Ndinawerenga ndekha. Theka anabwera kudzadandaula, ndipo pofika masana odandaulawo ndi amene anali kutsogolo. Ine ndinatumidwa ndi mlongo wanga kukawauza alamu kuti chakudya chikuzizira. Ndili chiimire pamenepo, tayi ali pakhosi, alamuwo anayang'ana wotchi n'kuzimitsa nyimbo. Anthu anayamba kukuwa.

"Chete," anatero. "Ndikufuna kumva njuchi."

Njuchi linali dzina lawo la kamawu kena. Nyimbo zikazima koma magetsi akadali m'masipika, sipika yodwala imalira pansipansi ngati njuchi ili m'botolo. Zikatero ndiye kuti waya wina wamasuka, kapena madzi alowa pamene sayenera kulowa. Anayenda kusipika iliyonse, mutu atapendeketsa, zala za kuphazi zitakanirira pansi. Pa yachisanu anaima, anamangitsa kanthu kena kumbuyo, n'kubwerera kukayatsa.

"Phokoso limabisa matenda, alamu," anandiuza. "Wodwala ukamufunsa ali pagule, amati ali bwino."

Chaka chachiwiri anthu anafunsa okha kuti masipika ayesedwanso liti. Akhonsolo anati pakufunika kalata ndi komiti. A Fyuzi anabwera kwathu ndi pepala lopanda kanthu.

"Inu ndinu mlembi."

"Ine nyimbozi sindizifuna."

"N'chifukwa chake. Akaona dzina la munthu wa tayi adziwa kuti sitikuseka."

Ndinalola, pokhapokha ngati zonse zizitha dzuwa likamalowa. Lamulo limeneli lilipobe, ndipo ndi chinthu chokha chimene ndinganene kuti ndinaikapo. Chaka chimenecho kunabwera anthu mazana atatu. Chaka chachisanu anadzaza bwalo, ogulitsa zakumwa anamanga misasa, oimba ndi makinawo, amene achinyamata amawatcha madijeyi, anayamba kuchokera m'mizinda ina. Dzina la Mabingu linachokera kwa gogo wina amene anaanula zovala zake katatu tsiku limodzi poyesa kuti kukugunda mvula, kumwamba kuli mbee.

Chaka chilichonse, tikamakulunga nthambo dzuwa litapendeka, alamu ankabwera pamene ndaima, akupukuta manja pa ovolosi.

"Alamu, zinamveka bwanji?"

"Sizinali zoipa."

"Chaka chatha munatero."

"Chaka chathanso sizinali zoipa."

"Tidikire zaka zingati kuti zifike pa bwino?"

"Tiona chaka chamawa."

Ankaseka, n'kuuza aliyense wapafupi kuti mlamu wawo akadzafika kumwamba, angelo akadzamufunsa, adzayankha kuti sikoipa.

Mphindi zisanu zija zinali ndi zotsatira zimene mwini wake sanaziganizire. Paphokoso lotere munthu akafuna kulankhula ndi mnzake amakuwa, ndipo amakuwa momasuka podziwa kuti palibe wina akumva. Nyimbo zikazima mwadzidzidzi, mawu ake amatsala okha pabwalo, ali maliseche.

Woyamba kugwidwa anali bambo wa butchala. Bwalo lonse linamva akuuza mnzake kuti, "Akunyumba akudziwa kuti ndili ku maliro!" Akunyumbawo anali mapazi khumi kuchokera pamenepo, akuthandiza mng'ono wawo kugulitsa zakumwa.

"Maliro a ndani, bambo?" anafunsa, mawu ali ofatsa.

Bamboyo anatembenuka, anavula chipewa. "Anga, mayi."

Chaka china anali wapolisi wamkulu, amene anatumidwa kudzaona kuti phokoso lisapyole muyeso. Anamveka yekha akupitiriza gu, gu, gu ndi pakamwa, maso atatsinzina. Chaka chinanso dalaivala wina wamanyazi anauza mtsikana kuti amamukonda kuyambira ali kusukulu, pokhulupirira kuti mtsikanayo sakumva. Anamva iye pamodzi ndi anthu zikwi ziwiri, ndipo panalibenso pothawira. Ali ndi ana atatu. Ana osochera nawo ankapezeka nthawi yomweyo, chifukwa mayi aliyense amadziwa kulira kwa mwana wake akangopatsidwa mpata womvera.

Patapita zaka anthu anachenjera. Ikamayandikira nthawi, unkaona akuyang'ana mawotchi, milomo ikutsekeka umodziumodzi. Mpaka lero m'misika ndi m'maofesi munthu akayamba kulankhula zosayenera, mnzake amamugwira mkono n'kumuuza kuti, "Samala, folo yayandikira." Ambiri onena mawuwa sadziwa kumene anachokera.

Chaka chakhumi ndi chiwiri tinaitana dijeyi wotchuka wa kutsidya kwa nyanja, wa magalasi akuda, woyenda ndi womasulira. A Nesi, amene pa nthawiyi anali atakhala wapampando wa komiti, anachonderera a Fyuzi kuti chaka chokhachi adumphe.

"Munthuyu wachokera kutali, bambo."

"Njuchi sidziwa pasipoti."

Folo inakwana mlendoyo atakweza manja onse awiri m'mwamba, anthu akudikira kuti ng'oma igwe. Koma imene inagwa ndi swichi. Munthu uja anatsika pansanja akulankhula zinthu zimene womasulira anakana kumasulira. A Fyuzi anangomuimikira chala chimodzi, n'kupitiriza ulendo wawo. Atazungulira masipika onse anakwera pansanja, anaika khutu pa bokosi la mlendoyo.

"Muuzeni kuti njuchi ili mwake."

Atatsegula anapezadi waya wolendewera ndi kansinga kamodzi. Mlendoyo anavula nsapato zake n'kupempha kuti ajambulitse nawo chithunzi. Alamu anavomera, koma anayang'ana mapazi akewo mwachisoni.

"Ofewa ngati buledi. Sangamve kanthu awa."

Tsopano ndinene chimene sindinalembe m'kabuku. Ine alamu anga ndinkawayamikira. Ndinkawayamikira chaka chilichonse, mokweza, ndi mawu onse. Cha m'ma hafu pasiti fili, phokoso likafika poti sungamve ngakhale kutsokomola kwako, ndinkayang'ana wotchi kuti nditsimikize kuti nthawi ilipo, kenako ndinkakuwa kuti, "Alamu anga ndi katswiri!" Mtima unkapepuka. Ndinkaona kuti ndanena zoona popanda kumuononga munthu.

Mlongo wanga, amene ankakonda kuima pambali panga, ankandikoka jekete. "Mwati chiyani, achimwene?"

"Ndati fumbi lachuluka."

Chaka cha makumi awiri a kanema anabwera ndi pempho loti aziulutsa chikondwerero chonse chikuchitika. Anali ndi amisiri awo ndi makina awo oonetsa vuto lililonse pagalasi. Chimodzi chokha sanachifune. Anati mphindi zisanu za zii pa kanema, oonera amayesa kuti siteshoni yafa. Anapempha kuti kuyambira chaka chotsatira kiyi wa bokosi akhale m'manja mwa amisiri awo.

Mphekesera inawafika alamu. Anabwera kwathu Lamlungu masana, anakhala pampando wa pakhonde osatsamira.

"Ndamva kuti akufuna kiyi."

"Nkhaniyo sinakambidwe."

"Ikambidwa. Koma ine sindikuda nkhawa. Bola inu muli m'komiti. Mlamu ndi mpanda." Anagwira kiyi uja pachifuwa. "Shopu atha kutenga, mawailesi atha kutenga. Koma tsiku limodzi lija ndi limene ndimakhalira chaka chonse."

Ndinali kuyang'ana dzanja lawo. Linali kunjenjemera, ndipo ndinali nditaliona kale likunjenjemera kushopu, sikuludiraiva ikuphonya kamutu ka sikulu kawiri katatu. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Ndinkaopa kuti tsiku lina dzanja lomwelo lidzaphonya pa waya wamoto, anthu zikwi zisanu ali pabwalo. Mantha amenewa anali oona, ndipo sindikuwakana. Koma sindinawauze iwo. Ndinawathirira tiyi.

Tsiku la Mabingu kunagwa mvula m'mawa, n'kukata cha m'ma teni. Bwalo linali matope, koma anthu sanasamale. Masana a Nesi anandipeza nditaima pafupi ndi nsanja, anayandikitsa pakamwa kukhutu kwanga.

"Aphunzitsi, mawa komiti ikukumana za kiyi wa a Fyuzi! Ine sindingathe kuwauza, ndi amene anandiyambitsa! Inu mukuti bwanji?"

Ndinayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi makumi awiri kuti folo ikwane. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi alamu sanazimitsepo nyimbo nthawi isanakwane, ngakhale ndi mphindi imodzi. Choncho ndinamasuka.

"Palibe munthu wodziwa ntchito ngati alamu anga!" ndinakuwa. "Popanda iwo bwalo lino bwenzi kukudya mbuzi!"

Zimenezo zinapita ndi ng'oma. Ndinakoka mpweya. Ndipo nthawi imene ndinali kukoka mpweyayo ndi imene swichi inatsika.

"Koma akalamba, manja akunjenjemera! Tiwalande kiyi asanaphe munthu!"

Ndili ndi mawu a mphunzitsi, ozolowera kufika kubenchi yakumbuyo. Anafika mpaka kumisasa ya zakumwa. Palibe anaseka. Bambo wa butchala uja anali pafupi, ndipo anayang'ana pansi ngati akundichitira manyazi.

Alamu anali mapazi khumi okha kuchokera pamene ndinaima. Sanatembenuke. Anatsitsanso swichi yachiwiri, yaikulu, yozimitsa magetsi onse, chinthu chimene sanachitepo. Anayenda mofulumira m'matope kulowera kumanzere, kumene kunali mpanda wachitsulo umene achinyamata ankatsamira.

"Chokani pampandapo. Osaugwira. Chokani."

Anagwada, anafukula matope ndi manja, n'kutulutsa nthambo pamene panali polumikiza. Tepi inali itamatuka, madzi atalowa, pakutuluka kautsi. Nthamboyo inali itagunda phazi la mpanda. Iwo anamva kunyerenyetsa m'mapazi ali kubokosi kuja, pamene ife tonse a nsapato sitinamve kanthu. Anaponda pa chidutswa chawo cha tayala, anadula, analumikiza, anakulunga, anakweza nthamboyo pa njerwa. Dzanja linkanjenjemera ndithu, ndinaliona, koma silinaphonye. Zinatenga mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo bwalo lonse linali duu.

Asanayatse anabwera kwa ine. Anavula chingwe cha kiyi m'khosi, anachiika m'thumba la jekete yanga, n'kupapasa thumbalo kawiri.

"Chaka chino sindikufunsani, alamu. Zamveka."

Bokosi linali lotsegula kale. Anakayatsa, nyimbo zinabwerera, iwo n'kutuluka pageti matope ali mpaka m'maondo.

M'mawa mwake komiti inagwirizana kuti kiyi abwezedwe. A Nesi anapita okha kukawauza, akulira. Alamu anawalandira bwino, anawafunsa za kuntchito, n'kuwauza kuti kiyi ali kwa mlembi, ndipo mlembi akudziwa pamene shopu ili. Aliyense anamva tanthauzo lake. Inenso ndinamva.

Ndinapita. Ndinkapita kunyumba kwawo Lamlungu lililonse kwa zaka ziwiri, kiyi ali m'thumba. Mawu ndinali nawo, mpaka ndinawalemba papepala kuti ndisasokoneze: kuti iwo anangomva theka, kuti theka loyamba linali lotani, kuti ndinali ndikulinena zaka zonsezo. Koma ndikangokhala pansi ndinkaona kuti kuyamikira munthu utangomulakwira kuli ngati kumupatsa chiphuphu. Adzati ndikupaka mafuta pabala. Ndinkaganiza kuti ndidikire mpaka zizizire, kuti mawuwo adzamveke oona. Tinkakamba za mvula, za bondo langa, za mawailesi a masiku ano amene alibe potsegulira.

Kamodzi ndinayesa. "Alamu, tsiku lija..."

Anaika kapu pansi. "Liti?"

"Lija kunagwa mvula."

"Ee."

Anadikira. Mlongo wanga anasiya kutsuka mbale kukhitchini, ndinamva madzi atasiya kutsika.

"Inagwa yambiri," ndinatero.

"Inagwadi," anayankha, n'kutenganso kapu.

Pondiperekeza, mlongo wanga analankhula tisanafike pageti. "Achimwene, pakamwa panupa anakhoma ndani? Tiitane wowotcherera?"

Ku Mabingu alamu sanapondekonso. Ndiyenera kunena chilungamo: palibe chimene chinaonongeka. Amisiri atsopano ankadziwa ntchito yawo, nthambo anazikweza pamitengo, nyimbo zinkalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo osapumira. Ndikanakonda ndikanalemba kuti jenereta inapsa, koma sinapse. Phokoso limafika mpaka kunyumba kwawo, ndipo mlongo wanga akuti tsikulo ankakhala panja pa mpando, mapazi ali pa dothi. Folo ikakwana ankakweza dzanja n'kulitsitsa m'malere. Nyimbo zinkapitirira. Kenako ankati, "Ya kumanzere ili ndi chimfine," n'kulowa m'nyumba.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ali kushopu. Mayi telala anadabwa kumva wailesi ikulira nthawi yaitali popanda woisintha. Anawapeza atakhala pampando, mutu uli pathebulo, wailesi yakalekale ili chitsegulire patsogolo pawo, ikulengeza zanyengo bwinobwino. Mayiyo akuti anawagwedeza nthawi yaitali, akuuza wometa kuti, "Dikirani, mwina angokomoka."

Pamaliro anandipempha kuti ndilankhule m'malo mwa banja. Pepala lija linali m'thumba. Ndinaimirira, ndinaona anthu ochuluka chotero akundiyang'ana, ambiri mwa iwo amene anandimva tsiku lija, ndipo ndinanena kuti malemuwa anali munthu wosunga nthawi. Ndinakhala pansi.

Chaka chotsatira komiti inabwezeretsa mphindi zisanu powakumbukira, ndipo a kanema anavomera, poti anapeza kuti atha kuikapo zotsatsa malonda. Tsopano imazimitsa ndi kompyuta. Wolengeza amachenjeza anthu, onse amawerenga pamodzi kuchokera pa khumi kutsika, kenako amakweza mafoni m'mwamba kujambula chete. Palibe amene amagwidwa. Palibe amene amayenda kumasipika. Pamene panali kashopu pali mnyamata wogulitsa zikuto za mafoni, ndipo mayi telala akuti singano yawo imayenda mowongoka tsiku lonse mpaka amayamba kusinza. Msewu uja ndikadutsa ndimapeza kuti ndafika kumapeto popanda wondiitana kuti ndidzamve wailesi imene yatsitsimuka.

Mwezi wathawu, pa Mabingu a chaka chino, ndinaima malo anga akale, mlongo wanga ali pambali. Anthu atayamba kuwerenga, ndinawerama n'kumasula zingwe za nsapato. Ndinavula, ndinapinda masokosi n'kuwaika m'kati. Sindinapondepo pansi ndi phazi pagulu chichokereni ku mishoni.

"Achimwene, mwayamba misala?"

"Ndigwirireni izi."

Nyimbo zinazima. Ndinayenda kulowera kumanzere, udzu ukundibaya, mutu nditapendeketsa monga ndinawaonera zaka makumi awiri. Sipika yoyamba inali chete. Yachiwiri chete. Pa yachitatu ndinaima. Kanalipo, pansipansi, ngati kali m'botolo.

Mmisiri wamkulu tsopano ndi mayi wina wachitsikana, wovala zomvera m'makutu. Ndinamukodola.

"Mayi, muli njuchi umu."

Anandiyang'ana kumapazi, kenako pa tayi. Koma anali waulemu. Anavula zomvera zake, anaika khutu, anazungulira kumbuyo, anakankha pulagi ina imene inali itatuluka pang'ono. Njuchi inaleka.

"Pagalasi sizinaoneke," anatero. "Agogo, mwadziwa bwanji?"

Mphindi zinali zisanathe. Bwalo lonse linali zii, ndipo ndinadziwa bwino lomwe kuti mawu anga amafika pati.

"Anandiphunzitsa alamu anga, a Fyuzi. Anali katswiri. Palibe wofanana nawo."

Anthu angapo anatembenuka. Ambiri anali ana, osadziwa kuti ndikunena ndani. Mmisiri uja anamwetulira, anati zikomo, n'kubwerera kumakina ake. Mlongo wanga anali atandilondola, nsapato zili m'manja.

"Mwati chiyani, achimwene?"

"Mwandimva."

"Ine ndinkamva chaka chilichonse. Mumayesa fumbi lija ndinkalikhulupirira?"

Ndinamuyang'ana. "Ndiye simunawauze?"

"Ndinkawauza. Ankati zouzidwa n'za pa wailesi, iwo akufuna amve okha." Anandipatsa nsapato. "Valani, pansi pali magalasi osweka."

Ndinakhala pa bokosi la sipika kuti ndivale. Ndisanamange chingwe chachiwiri, nyimbo zinayambanso.